Njovu ya M'balani la Chawezi

Chaka chimene njovu zinathyola waya wa kupaki ya zinyama n'kuyamba kuyendera minda ya kwa Chulu ngati zili ndi abale kumeneko, Dina anali pafupi kuchita chinkhoswe. Zitenje zinali zitagulidwa, msoti wokapereka kuchimuna unali kunenepa m'khola la amayi ake, ndipo mtsikanayo ankapita kumjigo akumwetulira yekha ngati wamva nthabwala imene anzake sanaimve.

Bwenzi lakelo linali Chawezi Nyirenda, mnyamata wosema. Makolo ake anali ochokera kumalire ndi Mzimba, ndipo pomwalira anamusiyira kamunda ka fodya, balani lakale la njerwa lowotcheramo fodya ndi sompho. Ankasema mitondo, misi, mithiko ndi zipande, nthawi zina tinyama tokagulitsa kwa alendo pa Boma. Pakamwa anali wolemera. Tsiku lofunsira Dina, Chichewa chinamuthera panjira, anathawira ku Chitumbuka, nachonso chinamuthera, mapeto ake anangotulutsa m'thumba chipeso chosema yekha n'kumuikira m'manja. Mano a chipesocho anali olingana onse. Dina atachiyang'ana anaganiza kuti munthu woleza mtima ndi mtengo chonchi sangalephere kuleza mtima ndi mkazi, ndipo analola.

Koma njovu zitayamba kudya chimanga, anthu anayamba kuyang'ana minda ya anzawo. Wa a Tsoka unagona. Wa a Fainala unagona. Wa a Jeremiya, amalume ake a Dina, njovu zinaulowa, n'kubwereranso kudzapondereza zimene zinasiya. Munda wa Chawezi wokha, womwe unali pakati pa yonseyo, unaima bwinobwino. Kenaka wina anati waona mapazi a njovu akukathera kuseri kwa balani lake. Wina anati wakumana naye malaya ali psuu ngati wapha mbuzi. Ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti Chawezi, amene kale ankasemera poyera pansi pa mtengo wa mango, tsopano anali atagula loko n'kumadzitsekera m'balanimo usana wonse. Odutsa ankangomva go, go, go.

Mawu oti mwana wa a Nyirenda akusanduka njovu sanachedwe kumera miyendo.

A Jeremiya anafika kwa mlongo wawo m'mawa wina nkhope itagwa. Anali mkulu wa mpingo, ndiponso ndiwo anali nkhoswe ya Dina. Popanda iwo kulandira tambala wa kuchimuna, ukwati panalibe. Anakhala pampando pakhonde, Dina n'kugwada chapatali.

"Kwa mnyamata wako uja ndapitako," anatero. "Ndati tsegula tione. Akuti yayi. Ine ndi imvi zangazi, kundiyankha yayi wa Chitumbuka."

"Amalume, njovu sizidya fodya. M'munda mwake muli fodya yekhayekha."

"Ndakufunsa zakudya za njovu ine? Anyamata ayamba kale kukamba za petulo ndi machesi. Sindingapereke mwana wa mlongo wanga kwa munthu amene mawa tikamupeza atapsa, kapena tikamupeza atamera chitamba. Tikapanda kuona zimene zili m'balanimo, msoti uja mudye. Chinkhoswe palibe."

Amayi ake a Dina anayamba kulira. Dina sanalire. Anatsuka mbale, anasesa pabwalo, kenaka anatenga kadengu n'kunena kuti akukathyola khwanya kudimba.

Ankadziwa kuti dzuwa likafika pamutu Chawezi amapita kukatunga madzi. Anabisala m'mizere ya fodya mpaka anamuona akutsika ndi chigubu, loko ili kwe pachitseko. Anazungulira kuseri kwa balani, kumene kunali ng'anjo yosonkhezera moto wowotchera fodya masiku a bambo ake a Chawezi. Bowo lake linali laling'ono, lodzaza mwaye ndi maukonde a akangaude. Dina anamanga chitenje mwamphamvu, anagona chafufumimba, n'kuyamba kukwawa.

M'katimo munali mdima wonunkha fodya wakale ndi fungo lokoma la mlombwa. Kuwala kunkatsikira pa kabowo ka kudenga, n'kugwera pachitsa chimene chinali pakati. Pachitsapo panali chinthu chofunditsidwa nsalu yachikasu, msinkhu wake ngati mwana woyamba kumene kuyenda.

Kunena zoona, pokwawa muja Dina anali ndi kachiyembekezo kake kamseri. Ankaganiza kuti mwina chinsinsi chonsechi ndi iyeyo, kuti akavundukula nsalu apeza nkhope yake yomwe itasemedwa pamtengo, mphatso ya tsiku la chinkhoswe, ndipo mudzi wonse udzachita manyazi. Anapukuta mwaye m'manja n'kukoka nsaluyo.

Chinali munthu, koma sichinali munthu. Chinali chitakhala pansi, mwendo umodzi chitaupinda, mimba ili tuu. Chinali ndi manja anayi. Pamwamba pa mapewa panali mutu wa njovu, makutu ngati malichero, chitamba chopindikira kumanzere, ndi minyanga iwiri yosalala yosongoka. Pamapazi panali kakhoswe kataimirira ndi miyendo yakumbuyo. Maso chinalibe. Pamene pakanakhala maso panali posalala, koma Dina anamva ngati chikumuyang'ana.

Zonse zimene anthu ankanong'onezana kumjigo zinali pamaso pake, munthu theka, njovu theka. Anafuna kukuwa, anafuna kubwerera pa ng'anjo paja. Koma asanathawe, maso anayamba kuona zina. Dzanja limodzi linali lotambasula ngati la munthu wopereka moni, ndipo chala chilichonse chinali ndi chikhadabo chake. Pakhosi panali mkanda, ndipo kamkanda kalikonse kanali kozungulira pakokha. Dina anadzifunsa: munthu wofuna kupondereza chimanga cha anzake angataye nthawi ndi zikhadabo?

Loko inalira. Chitseko chinatseguka, ndipo Chawezi anaima pakhomo chigubu chili paphewa.

"Dina! Wanjira uli muno?"

"Musandifunse polowera, a Nyirenda. Ndiuzeni dzina la mnzanuyu."

Chawezi anatula chigubu, anatseka chitseko msanga. Anayang'ana Dina, wakuda bii ndi mwaye kuyambira kumutu, anayang'ana chosemacho, n'kukhala pansi ngati munthu wolasidwa.

"Sumayenera kuona."

"Ndaona. Ndipo simutuluka muno musanalankhule, kaya m'Chichewa, kaya m'Chitumbuka, kaya m'chinjovu."

Mnyamatayo anakoka thumba la feteleza lomwe linali pakona, n'kutulutsamo chinthu china chofanana ndi choyambacho, koma chakuda ndi ukalamba, chopepuka ngati chigoba cha dzungu. Chinali chobookabooka, dzanja limodzi litathothoka, khutu litadyeka, mnyanga umodzi utatsala kachitsa.

"Dzina lake ndi Ganeshi," anatero. "Si wanga. Ndi mulungu wa mayi Jasoda, amwenye aja ogulitsa zipangizo za njinga pa Boma. Wakaleyu anabwera ndi agogo awo pa sitima ya pamadzi. Amakhala m'nyumba mwawo, pamalo opempherera. Ndiye chiswe chinakwera khoma n'kumudya cham'kati osaonekera. Tsiku lina akumunyamula kuti amupukute, dzanja linatsala m'manja mwawo. Anaona tinjovu tanga pamsika, anandiitana."

"Nanga magazi a pa malaya?"

"Utomoni wa mlombwa. Sudziwa kuti umalira zofiira?"

"Nanga maso?"

"Anandiuza zinthu ziwiri. Maso ndisiye, adzaika okha kunyumba kwawo popemphera. Ndipo munthu asamuone asanafike kwawo. Ndinalonjeza, Dina."

"Ndiye mukanawauza amalume zimenezo! Pakamwa panu pamatseguka pa kwaya pokha?"

"Ndiwauze kuti ndikusema fano? Mkulu wa mpingo? Lamulo lachiwiri analiphunzitsa okha m'kalasi, ndodo ili m'manja."

Zimenezo zinali zoona. Dina anafunsa motsitsa mawu: "Nanga munavomereranji?"

Chawezi anakanda kumutu nthawi yaitali. "Anandilowetsa m'chipinda chawo. Pashelefu panali popanda kanthu, koma iwo anali akuyatsabe kanyali patsogolo pa malo opanda kanthuwo. Zinandikhudza." Anayang'ana manja ake. "Komanso sindinasemepo chinthu chovuta chonchi. Manja anayi, Dina. Manja angawa anafuna."

Mtsikanayo anamuyang'ana, ndipo ngakhale anali atakwiya, mtima wake unafewa ngati tsiku loyamba. Anatola nsalu yachikasu ija n'kufunditsanso chosemacho bwinobwino.

"Watha?"

"Kwatsala kupaka mafuta."

"Pakani lero. Mawa tikupita naye kwa mwini wake, ndipo amalume tipita nawo."

"Yayi, Dina! Akaona..."

"Akaonera m'nyumba ya mayi Jasoda, lonjezo lanu silinathyoke. Ine ndaba kuona, mlandu ndi wanga. Mvetserani, a Nyirenda. Mlandu wa fano munthu amakhala pabenchi lakumbuyo m'tchalitchi. Mlandu wa ufiti amakuotcha. Ine ndikufuna mwamuna wa pabenchi lakumbuyo, osati wa kumanda. Mukatsegula chitsekochi muno m'mudzi, palibe adzadikire kumva dzina loti Ganeshi."

Kwa a Jeremiya anapita yekha, atasamba. Anawapeza akusoka fodya m'chigafa.

"Amalume, za m'balani muziona mawa. Koma mukaonera pa Boma."

"Kuyambira liti mwana amalamula nkhoswe?"

"Sindikulamula, ndikupempha. Mukakana ndipita ndekha. Koma anthu adzati a Jeremiya anauzidwa kuti bwerani muone, iwo n'kuopa."

A Jeremiya analasa singano patsamba molakwika mpaka kudzibaya chala. "Ine kuopa? Ndinathamangitsa njovu ndi chitini chokha ine!" M'mawa mwake anali woyamba kufika pamphambano, atavala jekete la ku tchalitchi, Baibulo lili m'thumba.

Chawezi anafuna kumanga katunduyo pa keliyala ya njinga, koma Dina anakana. Anamukulunga m'nsalu yachikasu ija, n'kumubereka kumsana ndi chitenje ngati khanda. Mlombwa ndi wolemera, ndipo chigongono chimodzi mwa zinayi zija chinkamubaya pansi pa phewa, koma sanamutsitse. Ankadziwa chifukwa chake.

Chifukwacho chinawapeza pa mlatho wa matabwa. Pamenepo panali a Tsoka ndi anyamata ena, zikwanje zili m'manja, akuchokera kokaona zimene njovu zinasiya.

"Eee, Dina!" anakuwa a Tsoka. "Mwana ameneyu wabadwa liti, chinkhoswe chisanachitike? Tamuonetseni, tione ngati wafanana ndi bambo ake. Makutu ndi aakulu?"

Anyamata anaseka, koma m'maso mwawo munalibe kuseka. Anatseka njira. Chawezi anagwira njinga mpaka mitsempha kuoneka. A Tsoka anatambasula dzanja cha kumsana kwa Dina.

Dina sanabwerere m'mbuyo. Anachita kutembenuka n'kuwapatsa msanawo.

"Masulani, a Tsoka. Chitenje ndi ichi, mfundo ili pachifuwa apa. Amalume akuona, anzanu akuona. Mlandu wovula mwana wamkazi pamsewu mukaulongosola nokha, muyambire kwa akazi anu."

Dzanja la a Tsoka linaima m'malere. A Jeremiya, amene mpaka pamenepo ankayenda chapatali ngati katunduyo angawalume, anakhosomola n'kubwera kutsogolo.

"Nkhaniyi ili m'manja mwanga, Tsoka. Chimanga changa chinagona kuposa chako. Ndikabwera ndidzanena zimene ndaona, ndipo ngati zili zoipa ndidzakhala woyamba kuloza chala. Patuka."

Anapatuka, koma mawu anawatsatira: "Mukabwere msanga, akulu! Machesi sachedwa kuyaka!"

Kumsewu waukulu anasiya njinga kwa wachibale n'kukwera lole ya mabelo a fodya. Ulendo wonse Dina anakhala chowongoka, osatsamira, fumbi lofiira likumulowa m'mano. Mayi wina amene anakhala naye pafupi anati mwana wanu ndi wofatsa, salira. Dina anati inde, watengera bambo ake. Chawezi anayang'ana kumbali. A Jeremiya ankaimba nyimbo ya m'buku chapansipansi.

Shopu ya mayi Jasoda inali yopapatiza, matayala ndi matcheni zili lende kudenga, fungo la mphira litasakanizana ndi la lubani. Mwini wake anali mayi wamfupi, wa magalasi ochindikala, wobadwira ku Limbe, ndipo Chichewa chake chinali chakuthwa kuposa cha anthu ambiri a pa Boma. Anawapeza akukalipira mnyamata wa kabaza amene anabweza chubu ataboola yekha. Ataona Chawezi anasiya mkanganowo pakati.

"Nyirenda! Ndimati wamudya mulungu wanga ngati chiswe. Ali kuti?" Kenaka anaona chimene chinali kumsana kwa Dina, ndipo mawu awo anafewa. "Wamubereka? Mwana wanga, wamubereka kuchokera kwa Chulu?"

"Inde, mayi."

"Lowani kuseri. Nsapato zitsale pakhomo."

A Jeremiya anaima. "Ine sindivula nsapato pamaso pa zinthu zosadziwika."

"Ndiye mukhala ndi matayala. Kodi inu ndinu ndani?"

"Ndine nkhoswe."

"Khoswe tili naye kale, ali pamapazi a Ganeshi. Wachiwiri akufuna chiyani?"

"Nkhoswe, mayi! Nkhoswe ya ukwati!"

"Ndamva, ndimakuyesani. Vulani."

A Jeremiya anavula, akubisa chala chachikulu chimene chinatulukira pa sokosi. Chipinda cha kuseri chinali chaching'ono, choyera. Pakona panali shelefu yoyalidwa nsalu yofiira, pali maluwa a chikasu, kabelu kamkuwa ndi kanyali koyaka, ndipo pakati pake panali malo opanda kanthu. Dina anagwada, Chawezi anamumasula chitenje, n'kukhazika katunduyo pa mphasa. Mayi Jasoda anasamba m'manja, anapemphera pang'ono m'chinenero chawo, n'kuvundukula nsalu.

"Ambuye Yesu!" A Jeremiya anabwerera m'mbuyo mpaka msana kugunda khoma, dzanja litagwira thumba la Baibulo. "Ndi zoona! Munthu wa mutu wa njovu! Dina, choka pamenepo!"

"Dikirani, amalume," anatero Dina. Maso ake anali pa mayi Jasoda. Zonse zinali pa mayi ameneyu tsopano. Akangosangalala n'kunena kuti uyu ndi wanga, nkhani yatha.

Koma mayi Jasoda sanasangalale. Anasisita makutu, anawerenga manja, anagwedeza mutu poona chitamba kuti chapita kumanzere monga anafunira. Atafika pakamwa anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

"Uyu si wanga," anatero.

A Jeremiya anati, "Mwamva? Mwamva? Mwini wake wamukana!"

"Nyirenda," anatero mayiwo, osawalabadira, "minyanga ndi ingati apa?"

"Iwiri, mama."

"Pa wakale uja unaona ingati?"

"Umodzi ndi kachitsa. Winawo chiswe chinadya, ndiye ndakonza."

"Wakonza!" Mayi Jasoda anaomba m'manja kamodzi. "Wamukonza Ganeshi! Chiswe chinadya dzanja, chinadya khutu, koma mnyanga sichinaukhudze. Mnyanga anathyola yekha! Ankalemba mawu opatulika, cholembera chinathyoka, iye posafuna kuima anathyola mnyanga wake n'kupitiriza kulemba. Mwana aliyense kwathu amadziwa zimenezo. Kalendala ya chithunzi chake ili m'shopumu, umaiona tsiku lililonse ukabwera, maso ako amakhala pati? Uyu wa minyanga iwiri ndi njovu yovala mikanda basi. Ndimuyatsire nyali ameneyu?"

Chawezi anaweramitsa mutu. Makutu ake akanakhala oyera akanafiira. "Minyanga ndi imene inandivuta kwambiri, mama. Ndinailinganiza ndi ulusi."

"Ndiye walinganiza zolakwika."

Kenaka kunamveka kaphokoso kachilendo kuchokera kukhoma. Dina anatembenuka. A Jeremiya anali atagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka.

"Iwe," anatero, akulimbana ndi kuseka. "Iwe Chawezi. Mudzi wonse sukugona chifukwa cha iwe. Akuti ndiwe mwini njovu, umaituma, umaivala ngati jekete. Ndiye mfiti yake iti yosadziwa kuti njovu yake ili ndi minyanga ingati?" Kuseka kunawapambana. "Akukalipiridwa ngati mwana wa sukulu! Mfiti!"

"Mfiti?" anafunsa mayi Jasoda. Dina anawafotokozera mwachidule za minda, za petulo ndi za chinkhoswe. Mayiwo anayang'ana Chawezi mosiyana ndi poyamba.

"Ndipo sunatsegule chitseko?"

"Ndinalonjeza, mama."

"Chitsiru," anatero, koma mawuwo anatuluka ofewa. Anatembenukira kwa a Jeremiya. "Bambo nkhoswe, uyu kwathu timamupempha tikamayamba chinthu, ukwati, ulendo, shopu, kuti achotse zopinga panjira. Chimanga cha anthu sadya. Amakonda zotsekemera." Anatuluka, n'kubwera ndi kasowo kodulira zitsulo za njinga. "Wakumanja, Nyirenda. Usiye kachitsa. Chidutswacho usataye, chikhala m'dzanja lake."

A Jeremiya anapukuta misozi ya kuseka, ndipo nkhope yawo inabwerera ya mkulu wa mpingo.

"Ufiti palibe," anatero. "Zimenezo ndikanena ndekha pamaso pa onse, Tsoka akamve ndi makutu ake. Koma usaganize kuti mlandu watha, mnyamata. Chosema chopembedza ndi chosema chopembedza, kaya ndi cha mwini. Iwe ndi mkhristu, unaphunzira. Ndikakutula ku bwalo la mpingo, ndipo za chinkhoswe ndiyamba ndaganiza."

"Ndamva, adada," anatero Chawezi. Anatenga kasowo, anagwada, anaika mano ake pa mnyanga. Koma chosemacho chinali chopakidwa mafuta, ndipo atangokoka kamodzi chinaterereka pa mphasa. Anayesanso, chinapendama. Mayi Jasoda anati manja awo ndi a nyamakazi, sangalimbe. Panafunika wina wogwira.

Dina anasendera pafupi.

"Dina," anatero a Jeremiya. "Kubereka kuja ndinakhululuka, sindinkadziwa chimene wabereka. Tsopano tonse tikudziwa. Ukagwira chimenecho pamene akuchimaliza, wasema nawo. Ndikatula awiri."

Mtsikanayo anaganiza za yunifolomu yake ya kwaya, za malo ake kutsogolo, za amayi ake atakhala pakati pa amayi a mvano maso a anthu ali pa iwo. Sizinali zinthu zazing'ono, ndipo zinamuwawa. Kenaka anayang'ana Chawezi, atagwada ndi kasowo m'manja, akuyenera kudula ndi dzanja lake chinthu chimene anachisema bwino koposa zonse, ali yekhayekha.

"Mukatule awiri, amalume," anatero.

Anakumbatira chosemacho ndi manja onse, tsaya lake litatsamira pa khutu la mtengo. Kasowo kanayamba kulira. Kunjenjemera kwake kunkadutsa mu mlombwa n'kumulowa m'mafupa, utuchi wofiirira ukugwera pa chitenje chake. Chawezi ankadula pang'onopang'ono, thukuta likutsika, milomo italumana. Atatsala pang'ono anaima n'kumuyang'ana, ndipo Dina anagwedeza mutu kuti malizani. Mnyanga unagwera m'dzanja la mayi Jasoda.

Chawezi anasalaza kachitsako ndi mpeni wake wa m'thumba. Mayiwo anayang'ana nthawi yaitali, magalasi atachita nthunzi, kenaka anagwira mapazi a chosemacho n'kugwira pamphumi pawo.

"Uyu ndiye," anatero. "Tsopano tulukani nonse, ndili ndi mlendo."

Panja dzuwa linali litapendeka, a kabaza akuimbirana mabelu pamsewu. A Jeremiya anakhala pa tayala n'kuyamba kumanga zingwe za nsapato mosafulumira. Anamanga imodzi, anaimasula, anaimanganso. Dina ndi Chawezi anaima patsogolo pawo ngati ana odikira chilango. Msana wa Dina unkawawa pamene chigongono chija chinkamubaya, koma sanasunthe.

"Mwana wa mlongo wanga," anatero a Jeremiya pomaliza, osadzutsa mutu, "unali wamakani uli m'mimba. Ndikakuletsa mnyamatayu ukalowera pa zenera."

"Pa ng'anjo, amalume."

"Khala chete." Anaimirira, anasasa jekete. "Ku bwalo mupita, ndipo sindikakuchonderelani. Akakuikani pabenchi lakumbuyo mukhala mpaka iwo atakhutira. Koma ine ndakalamba, khosi silitembenuka bwino. Sindingamayang'anire wolangidwa mmodzi kwa a Nyirenda, wina kwa mlongo wanga. Bola mukhale khomo limodzi." Analoza Chawezi ndi chala chobayidwa singano chija. "Tambala wako akhale wamkulu. Ndipo akhale ndi zonse, miyendo iwiri, mapiko awiri. Usandidulire kanthu."

Chawezi anatsegula pakamwa, koma Dina anamuponda phazi asanaononge nkhani.

"Akhala wamkulu, amalume," anatero. "Ndikasankha ndine. Tiyeni, lole ingatisiye, a Tsoka akudikira yankho lawo."

Ndipo wotsogola anali Dina.